MVUNGUTI NDI NTHENDA YA KHANSA

Nkhani ya madzulo ano iri ya mtengo wa mvunguti, ndi ya mayeso amene akatswiri a mankhwala anauyesa nao pofuna kudziwa ngati uli ndi mphamvu pa nthenda ya khansa.

Mtengo umenewu suli wacilendo kwa munthu wokhala m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, pakuti umakonda malo a cinyezi ndi madambo. Zipatso zace zazitali zotuwa zimalendewera pa zingwe, ndipo zina zimalemera makilogalamu 5 kapena kuposa, kotero kuti wa paulendo wanzeru sayala mphasa pansi pace. Maluwa ace ofiira modera amatseguka usiku, ndipo mileme ndiyo imadza kudzamwa timadzi tace. Atonga amauchula muzungula, Abemba amati mufungufungu, ndipo m'mabuku a ophunzira dzina lace ndi Kigelia. Kuyambira kale makolo anali kutenga makungwa ndi zipatso zace kucita nazo mankhwala a zironda ndi a nthenda za pakhungu. Anali kudziwanso kuti cipatso caciwisi sadya, cifukwa cimatsegula m'mimba koopsa.

Mau a Mlamu

Yerekezani mkulu wina amene anagwira nchito ya pansi pa mgodi zaka zambiri, napumira ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue. Kunsi kwa phazi lace kwaturuka banga lakuda losawawa. Miyezi iri kupita, banga liri kukula, ndipo tsopano layamba kucuca timagazi. Ku kiliniki amuuza kuti apite ku Lusaka akamuone madotolo akuru. Madzulo ace mlamu wace afika kudzaceza, nati, "Alamu, musataye ndalama za basi. Mvunguti uli pafupi pompano. Azungu a ku London anaupima, ndipo anapeza kuti umapha khansa ya pakhungu."

Kodi mlamuyo wanama? Iai, sananame. Mayeso amenewo anacitikadi, ndipo anacitikira ku London. Koma iye wamva ciyambi ca nkhani, mathero ace sanawamve, ndipo moyo wa mkuluyo uli pa mbali imene yatsalayo. Kuti munthu aimve bwino ayenera kuyamba wadziwa cimene khansa iri, ndi m'mene mayeso otere amacitikira.

Thupi la munthu linamangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono ta moyo, monga nyumba imamangidwa ndi njerwa. Dzina lace ndi maselo, ndipo saoneka ndi maso koma ndi galasi lokuza zinthu. Selo limodzi limagawika kukhala awiri, awiri nakhala anai, ndipo ndimo mwana amakulira, ndimonso cironda cimapolera. Maselo abwino amadziwa polekezera: cironda cikatsekeka, iwo amaleka kugawika. Khansa imayamba pamene maselo ena ataya mwambo umenewu, nangoswana kosaleka, napanga cotupa, nalowerera m'mnofu wa pafupi, kenaka nayenda ndi magazi kukamera ku mapapo, ku ciwindi kapena ku mafupa. Cobvuta cace ciri apa, kuti maselo a khansa sali alendo ocokera kunja monga tizirombo ta malungo. Ali maselo a munthu mwini wace amene apanduka, ndipo cimene cimapha iwo kawirikawiri cimaphanso abale ao abwino.

Mayeso a m'Mbale

Kuti apime mankhwala osaika moyo wa munthu pa ngozi, akatswiri amaweta maselo a khansa kunja kwa thupi. Nzeru imeneyi inakhazikika mu 1951, pamene madotolo a cipatala ca Johns Hopkins ku Baltimore, m'dziko la America, anatenga kanyama ka cotupa ca khomo la cibaliro ca mai wina wakuda, dzina lace Henrietta Lacks, osampempha. Maiyo anamwalira caka comweco, koma maselo ace anapitirira kuswana m'mabotolo, ndipo kufikira lero ali m'nyumba zopimira za maiko ambiri. Pambuyo pace anthu anaphunzira kuweta maselo a khansa ya bere, ya mapapo, ya impso, ya pakhungu ndi zina. Amawasunga m'madzi a cakudya, m'kabati yofunda madigiri 37, ndiko kufunda kwa thupi la munthu.

Nchito ya pa mtengo imafanana ndi ya sing'anga poyamba pace. Makungwa kapena zipatso amaziumitsa, nazisinja, naviika ufawo m'madzi, wina m'sipiriti, wina m'madzi ena osungunula mafuta, pakuti ziripo mphamvu zina za mtengo zimene madzi wamba sangazikoke. Akasefa, amaphwetsa madziwo kufikira patatsala phula lakuda pansi pa botolo. Apa ndi pamene njira zisiyana, cifukwa wopima amaika phulalo pa sikelo, nalemba kulemera kwace kosaphonya ngakhale pang'ono.

Kenaka amatenga mbale yokhala ndi timaenje 96, yooneka ngati thabwa la nsolo, koma yaing'ono ngati cikhato ca munthu. M'kadzenje kali konse amathiramo maselo a khansa olingana ciwerengero. Pa mzere woyamba amadonthezera mankhwala ambiri, pa waciwiri theka lace, pa wacitatu theka la thekalo, ndi kumacepsa comweco. Mzere umodzi sauthira kanthu, kuti ukhale mboni ya m'mene maselo akadakulira popanda mankhwala. Mbaleyo imabwerera m'kabati yofunda masiku awiri kapena atatu. Atatha masikuwo amathiramo utoto umene umagwira kapena kusintha maonekedwe molingana ndi kuculuka kwa maselo amoyo. Utoto wina wodziwika, umene unayamba kugwira nchito mu 1983, umalowa uli wacikasu, ndipo maselo amoyo amausandutsa wofiirira modera. Kadzenje ka maselo akufa kamatsala kotumbuluka. Makina amawerenga kuda kwa utotowo, ndipo wopima amafuna nambala imodzi: muyeso wa mankhwala umene umacepetsa maselo ndi theka. Muyesowo ukakhala waung'ono, mtengo uli ndi ululu waukuru. Nchito yonseyi amaibwereza katatu kapena kuposa, kuopa kuti mwina cinapha maselo ndi litsiro la m'botolo.

Koma pali funso laciwiri, ndipo ndilo lalikuru. Mcere wambiri umapha maselo a khansa m'mbale. Asidi wa m'batire ya galimoto amawapha msanga koposa. Madzi owira amawatha onse. Palibe munthu angachule zimenezi mankhwala. Khasu limene limadula udzu ndi cimanga comwe silinapalire munda. Cifukwa cace wopima woona amakonza mbale ina ya maselo abwino a thupi, nawathira mankhwala omwewo pa miyeso yomweyo. Ngati maselo abwino afa pa muyeso umodzimodzi ndi a khansa, cimene capezeka ndi ululu cabe. Ngati a khansa afa pa muyeso waung'ono, abwino nakhalabe ndi moyo, pamenepo pali cinthu coyenera kucilondola.

Cimene Anapeza ku London

Mu 1994 Peter Houghton ndi anzace a ku King's College, mu mzinda wa London, anafalitsa zimene anaona atapima mvunguti. Cinawakoka ndi mbiri yocokera kuno kumwera kwa Africa, yakuti anthu amadzola mankhwala a mtengowu pa nthenda za pakhungu. Anawayesa pa maselo a khansa yakuda ya pakhungu, imene madotolo amati melanoma, ndi pa maselo a khansa ya impso. Anapeza kuti phula la makungwa linaletsadi maselo a melanoma kukula m'mbale. Mpaka apa mlamu uja ali ndi coonadi.

Akatswiriwo sanaime pomwepo. Anagawa phulalo m'zigawo, napima cigawo ciri conse pacokha, kuti apeze ceniceni cokhala ndi mphamvu. Mu 2000 anafalitsa za zinthu ziwiri zimene anazipatula. Coyamba, norviburtinal, cinali ndi ululu waukuru, koma sicinali kusankha melanoma kusiya maselo ena. Caciwiri, isopinnatal, cinapha maselo a melanoma, koma cinaphanso kwambiri maselo abwino amene anawaika pambali monga mboni. Motero funso laciwiri lija silinayankhidwe bwino.

Mu mvunguti mulinso cinthu cina, dzina lace lapachol, cimene cimapezekanso m'mitengo ina ya ku South America. Cimeneci cinayenda ulendo wautali koposa, pakuti ku America anafika pociyesa pa anthu odwala khansa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970. Anacileka cifukwa odwala anayamba kusanza, ndipo magazi ao anali kucedwa kuundana, mankhwala asanaculuke m'magazi kufikira pa muyeso wogwira cotupa. Kufikira lero palibe mayeso a pa anthu odwala amene aonetsa kuti mvunguti umaciritsa khansa.

Cifukwa cace mbale ndi thupi zimasiyana cotere sicobvuta kucimva. M'mbale mankhwala amagwera pa maselo mwacindunji, nakhala pomwepo masiku atatu. M'thupi, cimene munthu wamwa cimayamba kukomana ndi cifu, cimene cimagaya; kenaka ciwindi, cimene cimaphwanya zinthu zacilendo; kenaka impso, zimene zimataya zotsala m'mkodzo. Cotsalira cimasungunuka m'magazi a thupi lonse, ndipo cofika pa cotupa cingakhale kadontho kosakwanira. Cimene wadzola pamwamba sicifika kumene mizu ya nthenda yalowera. Ndico cifukwa cace mankhwala opambana m'mbale amapita ku mbewa, opambana pa mbewa napita kwa anthu owerengeka obvomera okha kuti muyeso wosaopsa udziwike, ndipo potsiriza amayesedwa pa odwala mazana, m'magulu awiri, kuti cioneke ngati olandira mankhwala atsopano akhala ndi moyo kuposa anzao.

Mwala Wobiriwira Suli Mgodi

Inu a m'migodi mudziwa nkhani imeneyi kuposa ena onse. Mu 1902 William Collier anaona zizindikiro za mkuwa pafupi ndi mtsinje wa Luanshya, pamalo pamene anaombera cilembwe. Koma mgodi wa Roan Antelope unayamba kuturutsa mkuwa mu 1931. Pakati pa zaka zimenezo panali kubowola pansi, kutumiza miyala ku nyumba yopimira, ndi kuwerengera ngati mkuwa uli wokwanira kulipira nchito. Pambuyo pace ofufuza anayamba kuyang'ananso kaduwa kena ka m'chire kamene kamakonda nthaka ya mkuwa. Kaduwako kanali kuwauza pobowola, koma palibe kampani inamanga ng'anjo cifukwa ca duwa lokha. Maenje ambiri anabowoledwa pacabe.

Comwecinso ndi mitengo ya mankhwala. Kuyambira mu 1960 kufikira mu 1982 bungwe la boma la America loona za khansa, National Cancer Institute, linapima mankhwala oposa 100,000 otengedwa m'zomera za maiko ambiri, za mu Africa zomwe. Ambiri anapha maselo m'mbale, koma amene anafika m'dzanja la dotolo angawerengedwe ndi zala. Wochuka wa iwo ndi Taxol, wocokera m'khungwa la mtengo wa m'nkhalango za kumadzulo kwa America. Khungwalo linatengedwa mu 1962, ndipo mankhwala analoledwa kupatsidwa kwa odwala mu 1992: zaka 30, pafupifupi zofanana ndi za mgodi wa ku Luanshya. Akale anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Duwa la Pakhomo

Munthu asaganize tsono kuti kupima mitengo ya makolo nkutaya nthawi. Pali kaduwa kamene kamamera pa makomo ambiri m'Kafue, m'Lusaka ndi ku migodi, ka masamba osalala onyezimira ndi maluwa oyera kapena ofiirira a timasamba tisanu. Kwao ndi ku cisumbu ca Madagascar, ndipo Azungu amati periwinkle. Ku Jamaica anthu anali kumwa tiyi wa masamba ace monga mankhwala a nthenda ya shuga. Mu 1952 dotolo wina wa kumeneko anatumiza masamba owerengeka ku Canada, ndipo anafika m'manja mwa Robert Noble wa ku University of Western Ontario. Noble anawayesa pa zinyama, ndipo shuga wa m'magazi sanatsike. Koma pamene anabaya makoswe jekeseni wa madzi a masambawo, makoswe anafa, ndipo powapima anapeza kuti maselo oyera a m'magazi, amene amachinjiriza thupi, anali atatha. Pamenepo anakumbukira kuti pali khansa ya m'magazi imene maselo oyera amaswana mopitirira. Pamodzi ndi Charles Beer anapatula mphamvuyo, ndipo mu 1958 analengeza za mankhwala a vinblastine. Akatswiri a kampani ya Eli Lilly anapeza mbale wace, vincristine, amene analoledwa ku America mu 1963.

Mankhwala amenewa amagwira timitsi ta m'kati mwa selo timene timakoka mbali ziwiri pa nthawi yogawika, ndipo selo limalephera kugawika, nilifa. Popeza maselo a khansa amagawika kawirikawiri, iwo ndiwo amapwetekeka koposa. Khansa ya m'magazi ya ana, imene kale inali kupha pafupifupi mwana ali yense woigwira, tsopano m'maiko olemera ana 9 mwa 10 amapulumuka, ndipo vincristine ali mmodzi wa mankhwala ocita zimenezo. M'zipatala za Zambia ndi Malawi wagwira nchito pa khansa ya impso ya ana, pa cotupa ca nsagwada cochedwa Burkitt, ndi pa mabanga akuda a Kaposi.

Nkhani ya duwa ili iri ndi maphunziro atatu. Loyamba, anthu a ku Jamaica sanalakwe poona kuti m'masamba muli mphamvu, koma nthenda imene anali kuwamwera siyo imene mphamvuyo inagonjetsa; mayeso ndiwo anaulula nchito yace yeniyeni. Laciwiri, kuti papezeke galamu imodzi ya mankhwalawa pamafunika masamba ouma olemera makilogalamu mazana angapo, monga matani a miyala amaturutsa mkuwa wocepa. Munthu wophika masambawo mumphika saciritsa khansa, angodzipweteka. Lacitatu, ngakhale atayeretsedwa, vincristine akhalabe ululu. Amalowetsedwa mu mtsempha wa magazi mokha, pa muyeso wowerengeredwa ndi msinkhu ndi kulemera kwa wodwala. Akatayikira kunja kwa mtsempha amaocha mnofu, ndipo akaculuka zala zimacita dzanzi. Cimene cimasandutsa ululu kukhala mankhwala ndi muyeso wodziwika, ndi diso la dotolo loyang'anira magazi a wodwala.

Kubwerera ku Nangongwe

Tsopano mkulu uja wa banga la kuphazi acite ciani? Pakati pa anthu akuda melanoma imakonda kumera kunsi kwa phazi, pa cidendene, kapena pansi pa cikhadabo. Ikali yaing'ono, yosalowa pansi, dotolo amaidula yonse ndi mpeni, ndipo anthu ambiri amacira. Ikacedwa imatuma mbeu zace ku mphecepece, kumene kumaturuka mwanabere wouma, ndipo kucokera apo imafika ku mapapo ndi ku ciwindi. Pamenepo nchito imakhala yobvuta ngakhale ku zipatala zazikuru za Ulaya. Miyezi itatu yodzola mvunguti ndi kuyembekeza ingakhale yomweyo yolekanitsa kucira ndi imfa. Kucokera ku Kafue kufika ku Lusaka sipakwana makilomita 50. Kumeneko kuli University Teaching Hospital, ndipo pambali pace pali Cancer Diseases Hospital, cipatala ca khansa cimene cinatsegulidwa mu 2007. Madotolo amadula kanyama pang'ono, nakapima pa galasi, ndipo ndi njira imeneyo yokha imene munthu angadziwire ngati banga liri khansa kapena iai.

Mau omwewa apite kwa amai. Khansa imene imagwira akazi ambiri m'Zambia ndi ya khomo la cibaliro, ndipo kuyambira mu 2006 makiliniki a boma anayamba kupima amai kuti nthenda ipezeke isanakule. Mai woona magazi pa nthawi yosayenera, kapena kabulu m'bere, asabise cifukwa ca manyazi. Mbewa ya manyazi inafera ku una.

Asing'anga ali ndi malo ao olemekezeka pa nchito imeneyi. Iwo ndiwo amadziwa mtengo, nyengo yosenda khungwa ndi mbali yokhala ndi ukali, ndipo nzeru yao iri ngati kaduwa kaja kosonyeza pobowola. Sing'anga woona, akaona cironda cokana kupola kapena cotupa cokula, amatumiza munthu ku cipatala msanga. Nayenso wodwala amene ali kumwa mankhwala a zitsamba auze dotolo poyera, pakuti ciwindi ndi impso ndizo zimasenza katundu wa mankhwala onse awiri, ndipo zitsamba zina zimalimbana ndi a ku cipatala.

Ndipo pamene wogulitsa mabotolo pa msika kapena pa sitesheni anena kuti mankhwala ace anapimidwa ndi akatswiri, womvera afunse mafunso atatu. Anapimidwa pa ciani: m'mbale, pa mbewa, kapena pa anthu odwala? Kodi anasiya maselo abwino ndi moyo? Ndipo muyeso wace ndi wotani, anauyesa ndani? Pa mvunguti mayankho ace mwawamva: unapimidwa m'mbale, unapha maselo a khansa, ndipo zimene anapatula mwa iwo sizinasankhe bwino pakati pa maselo odwala ndi abwino. Mwina tsiku lina wophunzira wa ku University of Zambia kapena wa kwina adzapeza m'mtengowu cinthu cosankha bwino, ndipo lidzakhala tsiku lokondwera. Koma linda madzi apite, ndipo uziti ndadala. Mkulu wa ku Nangongwe sangathe kudikira zaka 30; iye athokoze mlamu wace cifukwa ca cifundo, ndipo m'mawa akwere basi ya ku Lusaka.

Nkhani ya madzulo ano yathera pamenepa.